Kumanga nyumba yomvera malo ake kumapiri a Dedza ndi Ntcheu

Nyumba yoyamba imene ndinamangitsa kwathu, cha ku Bembeke, pulani yake ndinaitenga pa Facebook. Pachithunzi inkaoneka bwino: denga lobisika kuseri kwa khoma, mawindo akuluakulu mbali zonse, pansi ponse pofanana. Malo athu ndi otsetsereka, ndiye anyamata anakumba chitunda masabata atatu mpaka panapezeka bwalo, dothi lokumbidwalo n'kulikankhira kumunsi. Theka la nyumba linakhala pa nthaka yolimba, theka lina pa dothi lothira. Mvula ya Januwale itakhazikika, madzi anayamba kutumphuka m'munsi mwa khoma lakumtunda. Chaka chachiwiri pakona yakumunsi panabwera mng'alu wolowa chala. Mu Juni mayi ankagona atavala majuzi awiri, malata akuwadonthezera thukuta pabulangete.

Amalume atabwera kudzaona anaima pabwalo nthawi yaitali, kenako anati, "Mphwanga, madzi saiwala khwawa. Pamene waika chipinda cha mayi akopa m'pamene ankadutsa ife tili ana, tikuweta mbuzi." Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire tisanakumbe. Anandiyankha modekha kuti, "Unabwera ndi pepala lako lojambula kale, ndiye ine ndikanalowa pati?"

Nyumba yachiwiri tinaimanga pamtunda pang'ono, ndipo pulani tinailemba titamaliza kuwayenda malowo. Ndondomeko imene tinatsata ndi iyi.

Yambani ndi abale ndi mfumu

Musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, nkhani ya malo ithe. Kuno ambiri timatsata mbumba, ndipo mwamuna amene akumanga kuchikamwini, kapena mkazi amene ali kuchitengwa, adziwiretu kuti nyumbayo idzakhala ya yani. Itanani mwini mbumba, anyakwawa ndi oyandikana nawo, muyende malire limodzi masana, mubzale khonje m'makona. Lamulo la malo a mafumu la 2016 limalola kulembetsa malo otere m'dzina la munthu kapena banja. Kafunseni ku ofesi ya za malo ku khonsolo. Tsiku lomwelo gwirizanani ndi wakumunsi kwanu za kumene madzi a pakhomo panu azidzatsikira, chifukwa milandu ya m'dzinja imayambira pamenepo.

Yendani malowo dzinja, chisanu ndi chilimwe

Gawo ili anthu amalidumpha, chifukwa ndalama zikapezeka mtima umathamanga. Ine ndikuti musalidumphe. Silifuna ndalama, likungofuna miyendo ndi chaka chimodzi.

Pitani pamalopo mvula ikugwa, osati itakata. Tengani zikhomo zansungwi, mukhome paliponse pamene madzi akuyenda, pamene akuima ndi pamene akutumphuka pansi. Bwereraniko patatha masiku awiri: pamene pakadali chinyezi musamangepo. Zomera nazonso zimaulula. Pamene pali katope, bango kapena nsenjere yobiriwira mu Seputembala, madzi ali pafupi; pamenepo ndi pa dimba kapena pa chitsime. Pamene pali masuku ndi miyala yoonekera, nthawi zambiri dothi ndi losaya ndipo madzi sakhalitsa, maziko amakhazikika bwino.

Kwezaninso maso kumtunda. Mukaona matanthwe ongokhala pa dothi, mitengo yopendekera kumunsi kapena khwawa lolunjika pamalo panu, sunthani. Namondwe Freddy mu Marichi 2023 anationetsa ku Soche ndi ku Chilobwe mu Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe, zimene phiri limachita likakhuta madzi: matope ndi miyala zimatsata makwawa, ndipo nyumba zimene zinali m'njiramo n'zimene zinapita. Mapiri a kuno nawonso ametedwa mitengo, sitinganene kuti ndi za kwa eni.

Mu Juni ndi Julayi dzukani m'mamawa mukaone pamene nkhungu yagona. Mpweya wozizira ndi wolemera, usiku umatsetsereka n'kukadzadza kudambo, n'chifukwa chake nyumba za m'mphepete mwa dambo zimazizira kuposa za pamtunda. Pamwamba penipeni pa chitunda paliponso vuto lake: mwera, umene umaomba kuchokera kummwera chakum'mawa kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, umakupezani popanda chotchinga. Malo abwino ali pakati, kumtunda kwa nkhungu koma kumunsi kwa msana wa chitunda. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri lake limafika mamita 2,198, ndipo ku Lizulu ndi ku Tsangano kuzizira n'komweko. Nyumba ya kuno mdani wake woyamba ndi mphepo yozizira, kutentha kumabwera pambuyo.

Kuti mudziwe kumene mvula yamkuntho imachokera, musavutike. Zungulirani nyumba zakale za m'mudzimo, muone khoma limene ladyeka kwambiri. Mupeza kuti pafupifupi zonse zadyeka mbali imodzi.

Za dzuwa chitani izi. Zikani ndodo yowongoka yotalika mita imodzi, muziona mthunzi wake dzuwa lili paliwombo. Mu Juni mthunzi umaloza kummwera ndipo umatalika pafupifupi masentimita 80, kusonyeza kuti dzuwa lapendekera kumpoto. Chakumapeto kwa Okutobala mthunzi umatsala pang'ono kusoweratu, dzuwa lili pamutu penipeni. Mu Disembala umaloza kumpoto, koma waufupi ngati chikhatho. Sungani zimenezi, tizigwiritsa ntchito kutsogoloku.

Yezani kutsetsereka, kenako goneka nyumba mopingasa

Alangizi a zaulimi anatiphunzitsa felemu yooneka ngati chilembo A poika akalozera m'munda. Chida chomwecho chimagwira ntchito pa nyumba. Mangani mitengo iwiri yotalika mamita 2 pamwamba, wachitatu mopingasa pakati, chingwe chokhala ndi mwala chilendewere kuchokera pamwamba. Imikani pansi, lembani pamene chingwe chakhudza mtengo wopingasa, tembenuzani miyendo isinthane malo, lembaninso. Pakati pa zizindikiro ziwirizo ndiye pa levulo. Yendani nayo mopingasa chitunda mukukhoma zikhomo, ndipo mzere umene utuluke ndiwo nyumba iutsate.

Kenako kokani chingwe cha mamita 10 kulowera kumunsi, chikhale pa levulo, muyeze kuchokera kumapeto kwake kufika pansi. Ngati nthaka yatsika ndi theka la mita kapena kuchepera, malowo ndi osavuta. Ikatsika mita imodzi, mufunika maziko a masitepe. Ikapitirira mamita 2, ganizani kawiri; ndalama zambiri zithera m'makoma otchinga dothi musanaone n'chitseko chomwe.

Pamalo otsetsereka nyumba yabwino ndi yaitali koma yopyapyala, yogona mopingasa chitunda. Ya mamita 5 kapena 6 mulifupi imafuna kukumba pang'ono, mapaso ake ndi aafupi, ndipo kuwala kumafika chipinda chilichonse. Yathu yachiwiri tinaigawa pawiri: zipinda zogona kumtunda, pabalaza ndi khitchini kumunsi, pakati masitepe atatu. Mayi poyamba anadandaula za masitepewo chifukwa cha mawondo, ndiye chipinda chawo tinachiika kumunsi, chitseko chake chotulukira pabwalo popanda chokwera. Ganizirani okalamba pamene mukugawa nyumba motere.

Lamulo limodzi musaliphwanye: maziko onse akhale pa nthaka imene sinasunthidwepo. Dothi lothira, ngakhale mulisinje bwanji, limatsikabe mvula zingapo zikadutsa. Lithireni pa bwalo kapena pa munda wa masamba. Dothi lakuda lapamwamba liunjikeni padera, mudzalifuna pobzala.

Ngalande iyambe, nyumba itsatire

Pa nyumba yoyamba ngalande tinaikumbukira madzi atalowa kale. Pa yachiwiri inali ntchito yoyamba, maziko asanakumbidwe. Kumbani ngalande kumtunda kwa nyumba, mamita 3 mpaka 5 kuchokera pamene padzakhale khoma, yopingasa chitunda koma yotsika pang'onopang'ono kulowera mbali imodzi. Ikatsika kwambiri madzi amathamanga n'kuyambitsa chigwembe. Yalani miyala pansi pake, kumtunda kwake bzalani vetiva mothithikana kuti azisefa matope. Kumene ikuthera kumbani dzenje lalikulu lomwe mudzabzalemo nthochi, madziwo azilowa pansi pamalo panu pomwepo m'malo mokakokolola munda wa mnzanu.

Pamene mwadula chitunda, siyani mpata wa mita imodzi ndi theka pakati pa dothi lodulidwalo ndi khoma la nyumba. Khoma la nyumba lisagwire ntchito yotchinga dothi. Dothilo litchingeni ndi khoma lake la miyala, lotsamira chakumtunda, losapitirira mita imodzi kutalika. Ngati pakufunika kuposa apo, pangani awiri ngati masitepe. Miyala yongosanja popanda simenti imatulutsa madzi yokha. Mukaimanga ndi simenti, siyani mabowo m'munsi mita iliyonse, apo ayi madzi adzaunjikana kuseri n'kulikankha.

Nyumba iyang'ane kuti

Mwambo wathu ndi woti nyumba iyang'ane kumsewu. Chitseko chiyang'ane kumene mukufuna, koma khoma lalitali lokhala ndi mawindo aakulu liyang'ane kumpoto ngati malo alola. Chifukwa chake ndi ndodo ija. Mu Juni dzuwa lopendekera kumpoto limalowa pa mawindowo, limatenthetsa pansi ndi makoma, ndipo makoma okhuthala amasunga kutenthako n'kumakutulutsa usiku. Mu Okutobala, pamene kukutentha, dzuwa lili pamutu ndipo denga lotulukira limaphimba khoma lonse. Denga lotulukira masentimita 60 limaponya mthunzi wa masentimita osakwana 80 pa khoma mu Juni, kotero gawo lalikulu la windo limalandirabe dzuwa. Koma mukaika khonde lalikulu la mamita 2 mbali imeneyi, mwatseka dzuwa lonse la chisanu. Kumapiri kuno khonde lalikulu liikeni kumadzulo, komwe dzuwa la masana a Okutobala limabaya, ndipo ndi komwe anthu amakonda kukhala madzulo akusenda mbatatesi.

Mbali imene mwera umachokera mawindo akhale aang'ono. Kumeneko ikani sitolo, bafa kapena khonde lotsekedwa losungiramo nkhuni, zikhale ngati chofunda cha zipinda zogona. Ngati chitunda chanu chikuyang'ana kummwera ndipo simungathe kutembenuza nyumba, ikani mawindo aang'ono m'mwamba mwa khoma lakumpoto, pansi pa denga, dzuwa lizilowera pamenepo.

Zonsezi ndi za kumtunda. Mukatsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti ndi Mtakataka, kapena ku chigwa cha Bwanje cha ku Sharpevale, nkhani imatembenuka. Kumeneko mukuthawa kutentha: khonde lizungulire nyumba, mawindo akhale oyang'anizana kuti mphepo izidutsa, denga likwere, mawindo akhale ndi sefa wa udzudzu, ndipo pansi pa nyumba pakwezedwe kwambiri chifukwa madzi ochokera kumapiri amathera komweko. Dothi la makande la m'chigwa limatupa m'dzinja n'kung'aluka m'chilimwe, limathyola maziko osaya. Pa makande musamange popanda mmisiri amene anamangapo kale pa dothi lotere.

Dothi la pamalo panu liyezeni

Njerwa zootcha tinazizolowera, koma aliyense amene anaonapo uvuni ukuyaka amadziwa ngolo za nkhuni zimene umameza, ndipo nkhunizo ndi mitengo yachilengedwe ikuluikulu, yomwe inkagwira dothi la mapiri athuwa. Mu 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zikuluzikulu zamalonda. Nyumba ya kumudzi palibe akukukakamizani, koma njira zina zilipo, ndipo kuno kozizira khoma la dothi lokhuthala limafunda kuposa la njerwa imodzi yopyapyala.

Kumbani pansi pa dothi lakuda mpaka mupeze katondo. Thirani m'botolo loonekera mpaka theka, dzazani madzi, onjezani kamchere pang'ono, khutchumulani kwambiri, siyani tsiku lathunthu. Mchenga ukhala pansi, dothi losalala pakati, dongo pamwamba. Dothi labwino kumangira mchenga umaposa theka, dongo silipitirira gawo limodzi mwa magawo anayi. Dongo likachuluka khoma limang'aluka pouma. Sakanizani ndi mchenga wa kumtsinje. Likachepa kwambiri khoma limanyenyeka.

Pali njira ziwiri zimene ndazionera pafupi. Yoyamba ndi mdindo, khoma la dothi losinjidwa m'chikombole cha matabwa, umene makolo athu ankaudziwa kale. Anthu amaunyoza chifukwa amauona pa nyumba zopanda maziko ndi zadenga lalifupi, koma vuto pamenepo si dothi. Mdindo wabwino ukhale wokhuthala masentimita 30 kapena kuposa. Matabwa a chikombole akhale olimba ndi owongoka. Thirani dothi losapitirira masentimita 15 nthawi imodzi, sinjani mpaka musi uyambe kulira mouma, ndiye muthirenso. Chinyezi chake yesani chonchi: umbani mpira m'manja, muugwetse kuchokera pachifuwa. Ukaphwanyika zidutswa zinayi kapena zisanu, dothi lakonzeka. Ukangophwatalala lanyowa kwambiri, ukamwazika ngati ufa lauma.

Yachiwiri ndi njerwa zadothi losakaniza simenti pang'ono, zopanikizidwa ndi makina a manja. Muyezo wa simenti musaungoganizira. Khomani kabokosi kamatabwa kotalika masentimita 60, mulifupi ndi kuya masentimita 4, pakani mafuta mkati, dzazani dothi lonyowa, liume pamthunzi sabata imodzi. Likauma likankhireni mbali imodzi muyeze mpata umene watsala. Ukachepera sentimita imodzi ndi theka, ndowa imodzi ya simenti pa ndowa 18 za dothi. Ukafika masentimita 3, imodzi pa 16. Ukafika 4 ndi theka, imodzi pa 14. Ukafika 6, imodzi pa 12. Kupitirira apo dothilo lachuluka dongo, onjezani mchenga muyezenso. Njerwazi sizifuna dzuwa masiku oyamba. Ziphimbeni ndi pulasitiki kapena udzu, muzizithirira sabata yathunthu, ndipo zidikire masiku 28 musanamangire. Ambiri amene amati njerwazi n'zosalimba anaziyanika padzuwa ngati zidina.

Khoma la mdindo kapena la zidina musalipake pulasitala wa simenti. Simenti imauma gwa, dothi limapuma, ndipo pakapita zaka ziwiri pulasitala amasupuka zigamba, kuseri kwake chiswe chitamanga kale misewu. Pakani wa laimu ndi mchenga, kapena wa dothi lomwelo, pamwamba n'kupaka laimu. Amayi akuno amadziwa kumene kumapezeka dothi lofiira, lotuwa ndi lakuda lozirira. Nyumba yathu kunja kwake ndi yofiira ngati chitunda chimene yakhalapo, ndipo utoto sitinagule.

Maziko ndi lamba wa nyumba

Miyala kuno ndi yosasowa. Tolani ya m'munda mwanu ndi yotuluka pokumba, munda upepukenso kulima. Musakaswe matanthwe a m'nkhalango zotetezedwa. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula zamakedzana za pamiyala, amene UNESCO inawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo thanthwe lililonse lokhala ndi zojambula zofiira kapena zoyera ndi losakhudza.

Kumbani maziko mpaka khasu liyambe kukana, osachepera masentimita 60. Pamalo otsetsereka pansi pa ngalande ya maziko pakhale pa levulo, pazitsika ngati masitepe; maziko otsetsereka pamodzi ndi chitunda amaterereka. Ngati pafupi pali chulu, chikumbeni mpaka mupeze make wa chiswe, ndipo mizu ndi zitsa zonse zichoke. Miyala ikwere masentimita 40 kapena kuposa pamwamba pa nthaka, chifukwa madontho a mvula akamenya pansi amathovukira m'munsi mwa khoma, ndipo ndi pamene makoma a dothi amayambira kudyeka. Pamwamba pa miyalayo yalani pulasitiki wakuda wa DPC mosadukiza, chinyezi chisakwere.

Tili m'mphepete mwa chigwa chachikulu chimene muli nyanja, ndipo nthaka ya kuno imagwedezeka nthawi zina. Akuluakulu amakumbukira chivomezi cha mu Marichi 1989 chimene chinagwetsa nyumba ku Salima ndi madera oyandikana nawo, ndipo za ku Karonga mu Disembala 2009 tonse tinazimva. Chimene chimagwira nyumba pa nthawi yotere ndi bimu ya konkire yozungulira pamwamba pa makoma onse, akunja ndi amkati, yosaduka paliponse. Ikani zitsulo zinayi za Y10 kapena Y12, zokhuthala mamilimita 10 kapena 12, m'makona zipindike n'kulumana, osati kungokumana nsonga. Konkire wake ndi ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga, zinayi za miyala yoswa. Ndalama zikachepa chotsani matailosi, chotsani chitseko chogoba, koma bimu isachoke. Windo kapena chitseko chitalikirane ndi kona masentimita 60 kapena kuposa, ndipo khoma lalitali kupitirira mamita 4 kapena 5 likhale ndi khoma lina lolilumikiza kapena chipilala.

Denga

Denga lobisika kuseri kwa khoma ndinalisiya ndipo sindingalangize munthu wa kuno kulimanga. Limasiya makoma pamvula, ndipo ngalande yake yamkati ikatsekeka ndi masamba madzi amalowa m'nyumba. Denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limalimba pa mphepo kuposa la mbali ziwiri, ndipo limaphimba makoma onse mofanana. Likhale lotsetsereka bwino, madigiri 25 mpaka 30, litulukire kunja kwa khoma masentimita 60. Kupitirira apo lifunika nsanamira, apo ayi mphepo imalowa pansi n'kulinyamula.

Madenga ambiri amene amasasuka mvula zoyamba za Novembala amachoka pamodzi ndi mapaso awo, chifukwa anangokhazikidwa pa khoma. Pothira bimu lowetsani waya wokhuthala wopindidwa pawiri, wokoledwa ku zitsulo za m'kati, pamalo paliponse pamene padzakhale phaso, ndipo phaso lililonse limangidwe. M'mphepete mwa denga ndi pamsana pake khomani misomali pafupipafupi. Malata a geji 28 amakhalitsa kuposa opyapyala aja otsika mtengo, omwe amang'ambika pa msomali.

Matabwa a paini kuno ndi apafupi chifukwa cha nkhalango za pa phiri la Dedza ndi ku Chongoni, koma gulani ouma ndi ochokera kwa ovomerezeka, ndipo apakidwe mankhwala a chiswe mbali zonse, makamaka pamene adulidwa. Bulugamu wokhwima, wosendedwa ndi woumitsidwa pamthunzi, amakwana pa nsanamira. Musamukwirire m'dothi, akhale pa mwala kapena pa kachipilala.

Thukuta lija linkadonthera mayi limabwera pamene mpweya wofunda wa m'nyumba wakhudza malata ozizira. Mankhwala ake ndi siling'i. Yathu ndi ya nsungwi zong'amba: tinadula zokhwima m'chilimwe, tinazimiza m'madzi masabata anayi kuti zisafumbwe, tinaziumitsa, n'kuzikhoma mothithikana, pamwamba pake n'kuyala mphasa. Pakati pa siling'i ndi malata pakhale mpata woti mphepo izidutsa, koma mabowo ake atchingidwe ndi sefa chifukwa cha mileme ndi makoswe. Mvula ikamagwa tsopano timamvana polankhula.

Moto, madzi ndi zapabwalo

Chaka chilichonse nthawi ya chisanu timamva za anthu amene agona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka osadzukanso. Makala amatulutsa mpweya wakupha wosanunkha ndi wosaoneka. Ngati mukufuna moto m'nyumba, mangani malo ake okhala ndi chumuni yotulukira pamwamba pa denga, ndipo akhale pa khoma lamkati, kuti kutentha kulowe zipinda za mbali zonse ziwiri. Khitchini ikhale ndi mawindo oyang'anizana ndi potulukira utsi m'mwamba. Chitetezo mbaula imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndipo nthambi za mitengo ya pakhomo zimakwanira.

Madzi a padenga awerengereni. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ya denga ndi lita imodzi. Denga la mamita 9 kwa 7, chaka chimene kwagwa mamilimita 900, lalandira malita oposa 56,000, ndipo ngakhale ena atayike mutha kutchera pafupifupi 45,000. Koma musadzinamize: banja la anthu asanu logwiritsa malita 100 patsiku limamaliza thanki ya malita 5,000 m'masiku 50, pomwe chilimwe chathu ndi miyezi isanu ndi umodzi. Thanki imapumitsa amayi ndi atsikana ulendo wa kumjigo dzinja lonse ndi masabata angapo pambuyo pake, ndipo zimenezo n'zokwanira kuigulira. Ikhale ndi chivindikiro, madzi a mvula yoyamba muwataye chifukwa atsuka fumbi ndi zitosi, ndipo osefukira apite ku nthochi zija. Pamalo otsetsereka muli ndi mwayi: thanki ikakhala pa gawo lakumtunda, madzi amafika okha kukhitchini ndi kumunda wa masamba popanda pampu. Ngati magatala simungakwanitse chaka choyamba, yalani miyala pansi pamene madzi a denga amagwera.

Chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime, mamita 30 kapena kuposa kuchokera pa chitsime kapena mjigo, ndi mpondagiya pakhomo pake. Khola ndi dzala zikhale kumene mphepo imapita, osati kumene imachokera, ndipo khola likakhala kumtunda kwa munda wa masamba manyowa amatsika okha ndi mvula. Sola muiike pa denga loyang'ana kumpoto. Mu Juni, pamene masiku ndi aafupi ndi a nkhungu, ndi pamene kupendekerako kumathandiza. Mapaipi a waya wa magetsi ikiranitu m'makoma ngakhale magetsi a ESCOM sanafike.

Nthawi yake

Disembala mpaka Marichi ndi woona madzi ndi kukhoma zikhomo. Epulo ndi Meyi, nthaka ikadali yofewa, kumbani ngalande ndi maziko, tolani miyala. Juni ndi Julayi umbani njerwa madzi asanasowe m'zitsime. Ogasiti ndi Seputembala makoma akwere, ndipo Okutobala asanathe denga likhale litakhomedwa. Khoma la dothi lisaone mvula lili pambalambanda. Ngati ndalama sizikukwana nyumba yonse, malizani zipinda ziwiri ndi denga lake, maziko a zotsalazo muwaphimbe. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo nyumba yaitali yopyapyala ndi yosavuta kuwonjezera kumapeto kwake.

Mvula ikayamba, kubzala. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, koma bzalani kumayambiriro kuti mizu igwire. Kumene mwera umachokera ikani mzere wa nsungwi kapena mitengo yosayoyola masamba, mamita 10 kuchokera pa nyumba. Bulugamu akhale kutali ndi nyumba ndi chitsime, amamwa madzi kwambiri ndipo nthambi zake zimathyoka. Kumpoto bzalani mapichesi: m'chisanu amayoyola masamba n'kulola dzuwa kulowa pa mawindo, nthawi yotentha ali ndi masamba. Kumadzulo mapeyala, koma mamita 6 kapena kuposa kuchokera pa khoma chifukwa cha mizu. Dothi lakuda lija munaunjika padera lithireni m'maenje amenewa.

Mvula yoyamba yamphamvu ikagwa nyumba itatha, tulukani ndi khasu muizungulire. Onani ngati ngalande ikusefukira, ngati pali pamene madzi aima pafupi ndi maziko, ngati mabowo a khoma lotchinga dothi akutulutsa madzi. Kwathu tinapeza kuti ngalande inali yosaya pamalo amodzi, pafupi ndi mtengo wa masuku umene tinausiya osadula, ndipo amalume ndi ine tinaikuza tsiku lomwelo mvula isanakate.